Mpopi wa Nyumba Yomaliza

Ntchito ya pa esiteti ndinaipeza kudzera mwa mlamu wanga, yemwe anali mlonda pa geti la fakitale ya tiyi. Tsiku lina anandipeza ku Luchenza, komwe ndinkakonza mipopi ya m'masitolo ndi m'nyumba za anthu, n'kundiuza kuti pulambala wawo wapuma pa ntchito. Ndinali ndi zaka makumi atatu, mkazi ndi ana awiri. Ndinalemba kalata, ndipo ananditenga kuti andiyese kaye miyezi itatu.

Kapitao wa zomangamanga anali a Namakhwa, munthu wachikulire yemwe anayamba ngati womanga nyumba. Tsiku loyamba anayang'ana satifiketi yanga n'kundibwezera ataigwira ndi zala ziwiri.

"Ndiye mwatibweretsera sukulu, a Fomu Folo?"

Dzina langa linakhala lomwelo.

Ntchito yanga yoyamba yaikulu inali yofikitsa madzi ku nyumba zisanu ndi zitatu zatsopano za otchola tiyi. Nyumbazo zinali mumzere umodzi kumunsi kwa munda, iliyonse ndi mpopi wake panja, ndipo yomaliza inali pokwera pang'ono kuposa zinzake. Thanki inali pa chitunda. Ndinayeza ndi tepi n'kupeza mamita mazana anayi kuchokera pa thanki kufika ku nyumba yomaliza. Kutsetsereka kwa malo ndinakuyeza ndi kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi, uku ndikukhoma zikhomo. Kunali mamita khumi ndi asanu okha.

Wosadziwa ntchitoyi amaganiza kuti paipi ndi njira chabe. Koma madzi akamayenda amakhulana ndi makoma a paipi, ndipo mphamvu yake imachepa mita iliyonse. Paipi ikakhala yopapatiza ndiponso yaitali, mphamvu imathera m'njira. Anthu ambiri akamatunga nthawi imodzi, imatha msanga koposa. Choncho ndinalemba kuti kuchokera pa thanki tiike paipi ya inchi ndi theka, chakumapeto ya inchi imodzi, ndipo ya hafu inchi ikhale yongokwerera ku mpopi. Ndinalemba nditaika pepala la kaboni pansi, kope n'kulisunga m'chikwama cha zipangizo.

A Namakhwa anawerenga ali chiimire.

"Mpopi wake ndi wa saizi yanji?"

"Hafu inchi, akapitao."

"Ndiye mpopi wa hafu inchi ukufuna paipi yonga mkono wa munthu? M'sitolo muli mipukutu ya filikota yangogona. Madzi satopa potsetsereka, a Fomu Folo. Amene amatopa ndi munthu."

Pepalalo analipinda n'kuliika m'thumba la malaya. Filikota ndi paipi yoti mkati mwake mumangokwana chala chachikulu. Ndinanenanso kachiwiri kuti siikwanira. Anandifunsa kuti pa esiteti ndatha masiku angati. Tinaika filikota.

Tinayesa madzi anthu asanalowe m'nyumbazo. A manijala anabwera, a Namakhwa anatsegula mpopi wa nyumba yomaliza, madzi anatuluka mwamphamvu. Anatseka pakamwa pa mpopi ndi chala, madzi n'kuwaza mpaka pakhonde. Kenako anandiyang'ana. Mipopi ina isanu ndi iwiri inali yotseka.

Anthu analowa mu Disembala, masamba atachuluka. Nyengo imeneyo mwamuna ndi mkazi onse amapita kotchola m'mawa, onse amaweruka nthawi imodzi, ndipo onse amafuna madzi nthawi imodzi. Sabata isanathe madandaulo anayamba. M'nyumba yomaliza munkakhala mai Mulipa, wamasiye wa ana anayi. Atasenza dengu tsiku lonse, madzulo ankatsikiranso ku khwawa ndi ndowa.

"A pulambala," anandiuza, "mpopi wanuwu umangotsokomola. Tiupititse ku chipatala?"

A manijala atafunsa, a Namakhwa anayankha ine ndili pomwepo.

"Bwana, tsiku loyesa munaona nokha. Paipi ilibe vuto. Munthuyu anasiya dothi mkati polumikiza, ndiye latseka njira."

A Namakhwa analamula kuti ndifukule mzere wonse, ndimasule polumikizira paliponse, nditsuke. Anthu ondithandiza anati ali ndi ntchito zina. Ndinakumba ndekha ndi khasu ndi piki kwa masabata awiri, mvula ikugwa, matope ofiira akumata mpaka m'mawondo. Shedi yoyezera masamba inali pafupi ndi nyumbazo, ndipo otchola akafola pa sikelo ankandikuwa.

"A Fomu Folo, golideyo mwamupeza?"

Ndinkadziwa kuti mulibe dothi. Ndinamasula polumikizira paliponse ndi sipanala, n'kutsuka, n'kumanganso. Simunatuluke ngakhale kamchenga. M'manja munadzaza matuza. Sindibisa: khasu lililonse limene ndinagwetsa pansi, ndinkaona nkhope ya a Namakhwa.

Lachinayi kalaliki wa mu ofesi anandinong'oneza kuti mawa a manijala abwera kudzaona, ndipo kalata yondichotsa yalembedwa kale. Nthawi anasankha ndi a Namakhwa: 11 koloko m'mawa. Ndinazindikira msanga cholinga chawo. Nthawi imeneyo anthu onse ali m'munda, mipopi yonse ndi yotseka. Madzi adzatuluka bwino, iwo adzati dothi latuluka chifukwa cha lamulo lawo, ine ndidzapita ndi mbiri ya pulambala wokwirira dothi m'paipi. Mbiri yotere imafika ku Luchenza minibasi isanafike. Palibe akanadzandiitananso.

Ndikanatha kupita ku ofesi n'kufotokoza mwakachetechete. Sindinafune. Anandinyoza pagulu, ndipo ndinafuna kuti awone omwe ankaseka aja. Ndinkadziwa kuti cha m'ma 11 momwemo otchola amabweretsa masamba ku sikelo kachiwiri. Madzulo a Lachinayi ndinayenda nyumba zonse kupempha kuti mawa andilole kugwira mipopi yawo. Mai Mulipa anandibwereka ndowa yawo ya malita makumi awiri.

Lachisanu a manijala anafika otchola atayamba kufola, madengu ali kumsana. A Namakhwa anaika ndowa pa mpopi womaliza n'kutsegula. Inadzaza pasanathe mphindi ziwiri.

"Mwaona bwana? Ndamukumbitsa, dothi latuluka."

Ndinavula chipewa.

"Bwana, ndipempheko mphindi zisanu. Akapitao, musatseke mpopiwo. Mungoima pomwepo."

Ndinakhuthula ndowa n'kuibwezera pansi pa mpopi. Kenako ndinayamba kuyenda chobwerera, osathamanga. Ndinatsegula mpopi wa nyumba yachisanu ndi chiwiri, kenako wa yachisanu ndi chimodzi, kenako wotsatira. Nditatsegula mipopi itatu ndinacheuka: kwa mai Mulipa madzi anali atatsala ngati chingwe cha nsapato. Nditatsegula isanu anayamba kudontha. Nditafika ku nyumba yoyamba, mpopi uja unatsokomola kawiri n'kuuma. A Namakhwa anaupotokola, anaumenya ndi chikhatho. Pa sikelo anthu anali atasiya kuyeza.

Ndinabwerera ndikutseka umodzi umodzi, ndipo madzi anabwerera mpaka kudzaza ndowa. Kenako ndinayambiranso. Ulendo woyamba unali wa a manijala. Wachiwiri unali wanga.

Nditamaliza ndinaima pamaso pa a Namakhwa.

"Akapitao, dothi langali ndi lomvera. Ndikatsegula limalowa, ndikatseka limatuluka."

Mai Mulipa anakuwa ali pa mzere, dengu lidakali kumsana: "Ndiye dothilo lili m'mutu mwa ndani, akapitao?" Shedi yonse inaphulika ndi phwete. Woyeza masamba anachita kugwira mzati.

A manijala sanaseke. Anandifunsa kuti pakufunika paipi yanji. Ndinatulutsa kope lija m'chikwama, litada ndi mafuta koma deti likuoneka. Anawerenga mpaka pansi.

"A Namakhwa, pepala ili munaliona?"

"Ndinaliona, bwana."

Mawuwo anatuluka ngati madzi a mpopi uja.

Paipi ya inchi ndi theka inabwera sabata yotsatira. Sitinavutike kukumba, chifukwa ngalande inali yotsegula kale, yomwe anandikumbitsa ija. Nditamaliza sindinayese m'mawa. Ndinadikira anthu aweruke, mipopi yonse isanu ndi itatu itseguke, ndipo ndowa ya mai Mulipa inadzaza iwo asanamalize kusamba m'manja. Kalata yondichotsa sinatuluke mu ofesi. Ndinagwira ntchito pa esitetiyo zaka khumi ndi chimodzi.

A Namakhwa anawasamutsira koyang'anira nkhuni za bulugamu za ku fakitale. Sanandilankhulenso mpaka anapuma n'kupita kwawo ku Chimaliro, ndipo ine sindinawafunefune. Akulu ena a mpingo anandiuza kuti ndinachititsa manyazi munthu wamkulu, ndikanawatengera pambali. Ndinayankha kuti ndinawatengera pambali, ndi pepala lomwe, ndipo analiika m'thumba. Mpaka lero sindinamvepo chisoni ndi ulendo wachiwiri uja.

Chimene ndinasunga ndi ichi. Saizi ya paipi siitengera mpopi umene uli kumapeto. Imatengera kutalika kwa mtunda, kutsetsereka kwa malo, ndi kuchuluka kwa anthu amene atunge nthawi imodzi. Ndipo madzi sayesedwa anthu ali kumunda. Kasitomala akandiuza kuti filikota ikwanira chifukwa thanki ili pamwamba, ndimamufunsa kuti pakhomo pawo amaweruka nthawi yanji. Akaumirira, ndimalemba maganizo anga papepala, iye asunge lake, ine langa.

Masiku ano ndinabwerera ku Luchenza, ndimagwira ntchito pandekha. Dzina langa lenileni alidziwa ndi ochepa. Wofuna kukokera madzi kutali akafunsa pa siteji, a kabaza amamuuza kuti akafune a Fomu Folo. Dzinali anandipatsa ndi a Namakhwa kuti anthu azindiseka. Ndinalilemba ndi penti yofiira pa chikwangwani cha pakhomo panga, moyang'ana msewu umene a Namakhwa amadutsa akamabwera ku msika wa ku Luchenza.