Simbi Ikaima

Amuna anga amalemba nthabwala. Ndikanena choncho anthu amandisirira, poganiza kuti kwathu timangokhalira kufa ndi phwete. Zoona zake n'zakuti munthu wolemba zoseketsa amadzuka nkhope ili ngati walandira uthenga wa maliro, n'kukhala maola atatu akuyang'ana khoma. Anzawo amawatchula kuti aPensulo, chifukwa pensulo siichoka pakhutu pawo. Tsiku la ukwati wathu ndidachita kuichotsa ndine, wojambula zithunzi atatsala pang'ono kudina.

Poyamba ankadinda makalata ku positi ofesi. Amati kumeneko ndiko adaphunzira kuti munthu akatopa pamzere amayankhula bwino kuposa buku lililonse. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi tsopano akhala akulemba sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Mpanda Umodzi, loonetsedwa Lachinayi lililonse. Ndi la mabanja atatu a lendi olimbirana mpopi umodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala, pamodzi ndi mwininyumba amene chaka chilichonse amabwera kudzakonza denga koma sanakwerepo makwerero.

Kalembedwe kawo nkotere. Lolemba mpaka Lachisanu amalemba pa katebulo ka pakona, kamene mwendo wake umodzi tidauchirikiza ndi dikishonale. Loweruka amang'amba theka la zomwe alemba, ine n'kusesa. Lamulungu masana ndikatulutsa simbi ndi mulu wa zovala za mlungu wonse, amakoka mpando, kundifulatira, n'kuyamba kuwerenga mokweza, akusintha mawu: pano mwininyumba, apa mkazi wa telala, apo bambo wa lendi wosagona tulo. Ine sindiseka mokweza. Mayi anga ankati ndidabadwa ndi pakamwa pa zipi. Ndinkangomvera, n'kumadziyamikira mumtima kuti ndine mkazi waulemu, wolola mwamuna kuyankhula yekha osamusokoneza.

Seweroli ndinkalionera mlungu uliwonse, ndipo ndimadziona ngati munthu watcheru. Ndimadziwa amene amatsuka makapu pambuyo pa msonkhano uliwonse, ndi amene amabweza mipando anthu akabalalika. Koma mayi wina amene m'gawo lililonse amaima kumbuyo, pafupi ndi zenera, akusita osayankhula, ndinkangomuona monga momwe munthu amaonera kabati. Ndidanenapo kamodzi kuti simbi amaigwira bwino. Amuna anga adatsokomola, ine n'kuwapatsa madzi.

Tsiku lina Lachiwiri, iwo atachoka, kudagogoda mayi wa msinkhu wangawu, chikwama atachikumbatira pamimba monga ndimachitira ine. Ndidamuzindikira atapendeketsa mutu: anali mayi wosita wa m'sewero uja.

"Ndinu mayi a kunyumba kwa aPensulo?" adafunsa. "Ndakhala inuyo zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye ndati ndidzakuoneni ndisanasiye."

Ndidamulowetsa, n'kuteleka tiyi, poti manja anga amaganiza msanga kuposa mutu. Adandifotokozera kuti ku situdiyo aliyense amadziwa kuti mayi wa simbi ndine. Ngakhale juzi yotuwa imene amavala adachita kuisaka m'masitolo atatu kuti ifanane ndi yanga. Ndidayang'ana pansi: ndinali nditavala yomweyo. Aneba athu nawonso ankadziwa, ndiye chifukwa chake Lachisanu lililonse ankandipatsa moni wautali chonchija. Ine ndinkayesa kuti amandilemekeza.

Adandiuzanso chinthu chimene amuna anga amauza aliyense kupatula ine. Akamawerenga atandifulatira, khutu lawo limakhala pa simbi. Ikamayenda, nthabwalayo amaikhwatcha. Ikaima, ndiye kuti ndaseka mkati, amaichonga. Ku situdiyo wina akatsutsa mzere, iwo amangoti, "Apa simbi idaima," nkhani n'kuthera pomwepo.

Pamenepo ndidakumbukira gawo la ambulera ya mwininyumba, limene oonera adalidandaula mwezi wathunthu kuti linali losakoma ngati madzi otsukira mbale. Lamulungu limenelo magetsi adazima masana, ndipo ine ndidaima phee theka la ola, simbi ili m'manja, kudikira kuti ayake. Abambo adachonga tsamba lililonse. Madzulo ake adandigulira sopo wonunkhira, ine osadziwa chifukwa.

Koma mayiyo sadabwere kudzandiseketsa. Mkulu wa sewero anali atalamula kuti mayi wa simbi achotsedwe: munthu wosayankhula, akuti, pamalo pake pakhoza kuima duwa. APensulo adapempha mwayi wa gawo limodzi, kuti amupatse mawu. Likakoma, atsala. Likapanda kukoma, Lachinayi la mlungu wamawa likhala lomaliza. Mayiyo adanena izi akupukuta sosala ndi chala, kenaka n'kuwonjezera, ngati nkhani yaing'ono, kuti adzasowa fungo la nthunzi. Ndidafunsa kuti nthunzi yanji, poti m'sewero simbi imakhala yozizira.

Si yozizira. Chaka choyamba wosamala zovala adaona kuti pali munthu woima ndi simbi tsiku lonse, n'kumubweretsera malaya a mwininyumba kuti angowadutsitsa. Mawa lake adabwera ndi madiresi awiri. Kuyambira pamenepo zovala zonse za m'sewero, ndi jekete la mkuluyo likakhala ndi msonkhano, amasita ndi iyeyo, kamera ikujambula. Palibe adamupempha mwachindunji, ndipo palibe adamuthokoza. Tidayang'anana. Ndidamuwonjezera shuga osafunsa.

Abambo atabwera sindidanene kanthu. Ndimafuna ndinene kuti kunali kuchenjera, koma ndi khalidwe chabe. Mlungu wonsewo adalemba ngati munthu wokumba chitsime pathanthwe. Chakudya ankachisiya, pensulo adaitafuna mpaka kuoneka mtima wake. Ndidawamvera chisoni, chifukwa mayi uja amamukonda ngati mlongo wawo, ndipo ndi iwo adamupeza akuchita masewero a pasukulu n'kumulonjeza kuti tsiku lina adzayankhula.

Lamulungu adakoka mpando. Adawerenga mayi wa simbi akukalipira mwininyumba. Simbi inkayenda. Adawerenga akuulula kuti kale anali woyimba. Simbi inkayenda. Adayesa mawu khumi ndi awiri, ena ondimvetsa manyazi, ndipo ndidamaliza malaya asanu ndi mapilo onse. Sindinkachitira dala. Mayi ameneyo sakananena chilichonse mwa zimenezo, ndipo dzanja langa linkadziwa.

"Mayi," adatero osatembenuka, "kodi munthu wotereyu angati chiyani?"

"Mukadamufunsa chaka choyamba, bambo."

Adatembenuka pang'onopang'ono ngati mwana wogwidwa ndi supuni m'chitini cha shuga, nayamba kufotokoza kuti unali ulemu, kuti mayiyo ndiye mzati wa nyumba yonse, ndi zina zimene amuna amanena mzati ukayamba kuyankhula. Ndidawalola amalize. Kenaka ndidazula chingwe cha simbi pakhoma, kukoka mpando wina, n'kukhala pansi. Adandiyang'ana, adayang'ana mulu wotsalawo, m'mene munali buluku lawo la mawa, adayang'ananso ine.

"Mwadwala?"

"Lembani zimenezo," ndidatero.

Adalemba mpaka dzuwa kulowa. M'gawolo mayi wa simbi sanena liwu ndi limodzi lomwe. Amangozula chingwe n'kukhala pampando. Enawo amatuluka m'zipinda zawo makwinya okhaokha, n'kumafunsana kuti m'nyumba muno mwasintha chiyani. Wina akuti ndi penti. Mkazi wa telala akuti ndi mphepo. Mwininyumba akukwera makwerero koyamba kukaona ngati vuto lili padenga, akudutsa pafupi ndi mayiyo katatu, n'kumupempha kuti asunthe mwendo.

Chimene abambo sadalembe ndi chakuti mayi uja adatsatira pepala mokhulupirika. Masiku atatu a kujambula sadakhudze simbi. Wosamala zovala adathamangathamanga, mkulu wa sewero adapita kumsonkhano jekete lili ngati adagonera, ndipo akuti adafunsa anthu anayi kuti kodi zovala zimasitidwa kuti masiku onsewa. Onse anayi adaloza pampando.

Lachinayi ndidaonera nditakhala pansi, manja ali pamiyendo, osadziwa chochita nawo. Kwa aneba kunkamveka kuseka, makamaka kwa amayi, kuseka kwina kotalika kuposa nthabwalayo. Mawa lake mkuluyo adati mayi wa simbi atsala, ndipo mpandowo ukhala wake. Adapezanso munthu wosita zovala, wolembedwa ntchito imeneyo. Mayi uja adandiimbira foni. Ndidamufunsa ngati tsopano amupatsa mawu, iye n'kuti adawakana; wakhala pansi koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi, safuna zomutopetsa.

Kwathu kuno abambo adalengeza kuti Lamulungu azisita ndi iwo, ine ndiziwerenga. Tidayesa kamodzi. Vuto n'lakuti amaseka nthabwala zawo zonse, ndiye simbi inkaima pa mzere uliwonse, ndipo bulauzi yanga yabwino ili ndi chizindikiro pamsana chooneka ngati bwato. Atafika pa kolala ya shati yoyera, akuiyamba pakati, ndidapezeka ndaimirira kale, dzanja litatambasuka. Ine amene ndidakhazika pansi mayi wa m'sewero ndidapirira pampando mphindi makumi awiri.

Ndiye tabwerera mwakale: iwo atandifulatira, ine ndi mulu wanga. Kungoti muyeso wawo udawonongeka, ndipo sakudziwa. Nthabwala ikakhala yofooka koma ndikuona kuti aivutikira mlungu wonse, ndimaimitsa simbi pang'ono, n'kumva pensulo ikuchonga. Mukaona gawo losakoma Lachinayi likudzali, musawanene aPensulo.