Tsiku Limene Chiphaliwali Analankhula Mofatsa

Madalaivala a kampani yonyamula katundu ankamutcha Chiphaliwali. Ambiri nkhope yake sankaidziwa, ankangodziwa mawu. Mayiyu ankagwira ntchito m'kachipinda kuseri kwa ofesi, pakati pa mafoni, fani youma khosi ndi kompyuta yoonetsa thiraki iliyonse ngati kadontho kofiira. Madalaivalawo anali a mayiko osiyanasiyana, ndipo chilankhulo cha aliyense ankachidziwako pang'ono, makamaka mbali yokalipira.

"Iwe, wadya? Usandiuze za mabisiketi! Ukakomoka pachiwongolero, ana ako ndilera ine?" Moni wake unali umenewo.

Chaka chimene madzi osefukira anakokolola mlatho waukulu, mathiraki anaima mzere kutsidya, madalaivala akugona m'magalimoto. Akuluakulu a kulikulu sanachedwe kuchitapo kanthu: anaitana katswiri wa utsogoleri wachifundo. Katswiriyo anaphunzitsa kudzera pa kompyuta, atakhala pamalo pouma bwino. Anati pa nthawi ya mavuto mtsogoleri azitsitsa mawu, azifunsa kaye mmene munthu akumvera mumtima, kenako azikhala chete kuti mnzakeyo amasuke.

Chiphaliwali anayesa kunena kuti anthu ake sali choncho. Anamuyankha kuti maganizo ake alandiridwa. Bwana wa nthambi anadzaima pakhomo pa kachipindako kuti aone chifundocho chikuyamba.

Tsoka linagwera Ndevu, dalaivala wachikulire wa dziko loyandikana nalo, amene mkazi wake anali atagonekedwa m'chipatala sabata imeneyo. Naye anali pamzerepo, ndipo ndiye anali woyamba kuimbiridwa foni.

"Bambo," anatero Chiphaliwali, mawu ofatsawo akumukanda pakhosi, "muli pabwino? Mukumva bwanji mumtima?"

Anakhala chete monga mwa malangizo. Bwana anagwedeza mutu mokhutira n'kumapita.

Ndevu anafunsa: "Watisiya liti?"

"Ndani?"

Foni inadulidwa.

Apa m'pamene Chiphaliwali anagwira mutu. Kwawo kwa Ndevu, monganso kwawo kwa iye, munthu wokukalipira masiku onse akayamba kukutcha bambo n'kufunsa ngati uli pabwino, ndiye kuti wasenza uthenga wamaliro. Komanso lamulo la kampani linali losapsatira: dalaivala akasiya thiraki yodzaza katundu pamsewu, ntchito yatha tsiku lomwelo. Pamsinkhu wa Ndevu, wina womulemba sakanapezeka.

Chiphaliwali anamuimbiranso, osayankha. Anaimbira mwana wamkazi wa Ndevu, amene ankadikirira matenda kuchipatala. Atatero anaimbira dalaivala wa thiraki ya kumbuyo, yemwe anati mdalayo watsika, chikwama paphewa, akulowera kokwerera mabasi misozi ili chuchuchu.

"Mthamangire umupatse foniyo!"

"Mayi, ndiye nanenso ndisiye thiraki?"

"Ndikukaona kadontho kakoka, sikathawa. Thamanga, mimba imeneyo ichepeko!"

Panamveka nsapato, mphepo ndi kupuma kwa wefuwefu. Kenako mawu a Ndevu, otheratu: "Ndamva kale, Mayi. Musavutike."

"Wamva chiyani, nkhalamba iwe? Mkazi wako ali tsonga pabedi, akunyoza chakudya cha m'chipatala ndipo wakangana kale ndi namwino! Ndangolankhula ndi mwana wako. Ndani wakuuza kuti usiye galimoto yanga pamsewu? Bwerera msanga ndisanakumete ndevuzo ndi botolo!"

Kenako kunabwera kuseka kosakanikirana ndi chimfine.

"Aa, Mayi, ndinudi tsopano. Nanga uja anali ndani?"

"Anali wa kulikulu."

"Muwauze asadzaimbenso. Adzapha munthu."

"Usandiphunzitse ntchito. Yenda! Ukafika ulize hutala ndimve ndekha."

Chiphaliwali sanadule. Anakanikiza foniyo pakhutu, akumvetsera nkhalambayo ikukwakwaza nsapato ndi kudandaula za maondo, iye akuikalipira kuti ifulumire. Chitseko cha thiraki chinamveka kutseguka, n'kumenyetsedwa. Hutala inalira motalika, mwamwano, mpaka madalaivala a mumzere monse anayamba kutukwana m'zilankhulo zawo.