Lamba wa Jekete la Apongozi

Apongozi anga aakazi atabwera ku Wakefield, kuno kutsidya kwa nyanja, kudzaona mdzukulu wawo, tinayamba kukhala ngati kumudzi. Iwo akalowa pabalaza, ine ndinkazembera kukhitchini. Tikakumana pamasitepe, wina ankabwerera. Mkamwini sayandikira apongozi, ndipo m'kanyumba ka zipinda ziwiri ulemu umenewu unali ntchito yotopetsa.

Loweruka lina dzuwa litawala, ndinachita hayala kaboti ka injini kuti tikawaonetse mtsinje. M'mawa womwewo mkazi wanga anaitanidwa kuntchito kuchipatala. Tinapita atatu: ine, apongozi ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Mwini maboti anatipatsa majekete oyandamitsa munthu m'madzi. Ine anandimanga kachingwe kofiira pamkono, nati ndikangochoka pachiwongolero injini idzazima yokha. Kenako analoza lamba wodutsa pakati pa miyendo, n'kunena kuti akapanda kumangidwa, jekete limavuka munthu akagwera m'madzi.

Mwana ndinamumanga bwinobwino. Apongozi anangokoleka jekete pamwamba pa chijasi, lamba uja ali lende pachitenje. Ndinaona, sindinganame. Koma mkamwini angayambire pati kuuza apongozi za lamba wa pakati pa miyendo? Ndinayang'ana kumbali n'kudzinamiza kuti mtsinje wake ndi wofatsa.

Kaboti kanali kakang'ono, moti mawondo anga ndi a apongozi ankatsala pang'ono kugundana. Ndinaona kuti zikuwasowetsa mtendere. Titayenda ndithu, anaimirira kuti akakhale kutsogolo, kutali ndi ine. Nthawi yomweyo boti lina lalitali linali litangotidutsa, ndipo mafunde ake anatigwedeza. Ndinangomva kuti khuvu.

Nditadumphira m'mbali, kachingwe kaja kanasololoka, injini n'kuzima. Jekete linali litakwera mpaka kuwaphimba nkhope, apongoziwo akumira pansi pake. Madzi a kuno amazizira ngakhale dzuwa liwale bwanji, moti munthu amalephera ndi kukuwa komwe. Ndinagona chafufumimba, n'kuwagwira kolala ya chijasi, kenako m'khwapa. Ndinawakumbatira choncho, tsaya langa pa tsaya lawo, mpaka a boti lalitali lija anabwerera kudzatithandiza kuwavuula.

Kuchipatala mkazi wanga anandifunsa funso limodzi lokha.

“Lamba uja munamuona kuti sanamange?”

Ndinavomera. Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zomwe zinandiwawa kwambiri. Kutchalitchi anthu ankandigwira chanza kuti ndine ngwazi, ine ndikudziwa kuti ndikanapha mayi a mkazi wanga chifukwa cha manyazi. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ulemu umene ndinkasunga tsiku lija unali wa iwo kapena wanga.

Kutatsala sabata imodzi kuti abwerere kumudzi, apongozi anati mtsinje uja sanauone bwino, akufuna kupitanso. Ndinkayesa nthabwala, koma anatuluka kuchipinda atavala buluku la mwana wawo m'kati mwa chitenje.

Pagombe mkazi wanga anawamanga malamba onse. Ine ndinaima patali monga mwa nthawi zonse, maso pansi.

“Bambo, tabwerani kuno,” anatero apongozi. “Kokani jeketeli muone ngati lagwira. Munandinyamula kale inu, mukuthawanso chiyani?”

Ndinapita. Ndinagwira m'mapewa mwa jekete n'kukokera m'mwamba ndi mphamvu. Silinasunthe.

“Lagwira, amayi,” ndinatero, ndikuwayang'ana kumaso.