Ndevu za a Rogelio ndi Tsamba Lachitatu

"Ine munthu ndikangomuona kamodzi, ndimadziwa komwe adzathere."

Anatero a Rogelio Barraza atakhala pampando wanga wometera, nsalu ili m'khosi. Ine ndinangoti "Eya," monga achitira wometa aliyense wofuna kuti kasitomala adzabwerenso. Bambo omwewa analosera kuti akazi awo sadzatha kuyendetsa galimoto. Lero mayiwo ndi amene amawaperekeza kwa dokotala wa maso.

Tsikulo ulosi unagwera Marisela, mwana wa malemu mlongo wawo, amene iwo anamulera kuyambira ali wamng'ono. Anali atangolephera kemisitiri ku koleji ya m'tauni mwathu muno. Popanda phunziro limenelo ku unamwino sulowa, ndipo kolejiyo imalola kubwereza kamodzi kokha.

Mtsikanayo anali pakhomo, atabweretsa foni yomwe amalume ake anaiwala kushopu yawo ya matayala, khomo loyandikana ndi langa. Anamva zonse.

"Banja lathu ndi la matayala," anapitiriza a Rogelio. "Sukulu inatikana kalekale. Iwe Mari, ukadzakhoza kemisitiri, ndevu izi Lalo wometayu adzazimete anthu akuona."

Ndevu zimenezo zinali za pamwamba pa mlomo, zopiringizika kunsonga, ndipo lumo langa silinaloledwepo kuziyandikira. Zinajambulidwa ngakhale pachikwangwani cha shopu yawo, zazikulu kuposa tayala.

Marisela anasiya foni pashelefu n'kubwerera kukapopa matayala a anthu.

Inu amene mukuwerenga mutataya mtima, mvetserani mmene analepherera. Mayeso oyamba a teremu anapeza malikisi ochititsa manyazi. Anaona nambalayo, n'kudziweruza yekha kuti zake zada. Anayamba kujomba, kenako anasiyiratu. Palibe anamuthamangitsa. Anadzithamangitsa yekha, mwaulemu, osavutitsa munthu.

Tsiku lina masana chitseko changa chinatseguka ngati kwabuka moto.

"A Lalo! Amataya! Amataya, a Lalo!"

"Akutaya chiyani, mwanawe? Ndili ndi khutu la munthu m'manja."

Anali atanyamula mapepala othimbirira ndi salsa, msuzi wa tomato ndi tsabola. Poyeretsa galimoto yake anawapeza pansi pa mpando. Inali silabasi, mapepala amene mphunzitsi amagawa tsiku loyamba ofotokoza za phunziro lonse. Iye anali atawagwiritsa ntchito kamodzi kokha, poikapo taco, nyama yokulungidwa m'chikondamoyo chopyapyala.

"Tsamba lachitatu! Akuti pa mayeso onse a teremu, amene wakhoza moipa kwambiri sawawerengera. Amawataya! Ine ndinasiya sukulu chifukwa cha malikisi amene aphunzitsi anali atataya kale!"

Ankaseka, misozi ikutsika. Kasitomala wanga, mutu wometedwa theka, anawomba m'manja asakudziwa nkomwe nkhani yake.

"Ndiye pali izinso," anatero akutembenuza tsamba. "Maola a mu ofesi, Lachiwiri masana. Ine ndinkayesa kuti ndi nthawi imene aphunzitsi ali pantchito, osawasokoneza. Ndinkadutsa pakhomo pawo monyang'ama!"

"Nanga si choncho?" ndinafunsa, chifukwa nanenso ndikanaganiza zomwezo.

"Ayi! Amakhala akudikira ifeyo!"

Teremu yotsatira analembetsanso, mwayi wake womaliza. Silabasi yatsopano anaiwerenga yonse, n'kuikhoma pakhoma la shopu pambali pa mitengo ya matayala. Masiku a mayeso anawazunguliza ndi cholembera chofiira.

"Amalume, masiku ofiirawa sindidzakhala pano. Ndakuuziranitu."

"Ndiye kuti pepalali ndilo bwana wako tsopano?"

"Eya. Komanso silikalipa."

Lachiwiri loyamba anakagogoda kwa mphunzitsi wake wa kemisitiri, Dokotala Lindqvist, mayi wophunzira kwambiri amene madigiri ake anadzaza khoma. Anawapeza ali okhaokha akudya maapozi, akuyang'ana mpando wopanda munthu. Akuti ataona wophunzira pakhomo anadzidzimuka mpaka kufunsa ngati wasochera.

Musaganize kuti kemisitiri inafewa chifukwa chakuti munthu wawerenga mapepala. Inali yowuma ngati kale. Koma tsopano Marisela ankadziwa mutu umene ukubwera sabata yamawa, n'kuuwerengeratu podikira makasitomala. Ankadziwa ntchito yolemera malikisi ndi yopepuka. Mafunso ankawasunga, Lachiwiri n'kukawakhuthula mu ofesi muja, manja akadali akuda ndi matayala.

Pakati pa teremu panadza tsoka. Sabata ya mayeso achiwiri a Rogelio anadwala msana, shopu yonse inatsamira pa mtsikanayo, ndipo mayesowo anawalemba ali wotopa. Malikisi anatuluka oipa kuposa aja oyamba.

A Rogelio anabwera kwa ine akutsimphina, koma ndevu zili chilili.

"Lalo, ndinanena ine. Lumo lako lipume."

Sanaseke ponena zimenezi. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kuti ulosi wawo uwawawe eni ake.

Marisela anasuzumira pakhomo. "Amenewo ndi otaya, Amalume. Tsamba lachitatu. Pakani mafuta ndevuzo, zitsanzike bwino."

Mawa lake anali m'kalasi, mpando wakutsogolo.

Zotsatira zinatuluka kumayambiriro kwa chilimwe. Sindinafunikire kuuzidwa. Ndinamva kukuwa kuchokera kuseri kwa khoma, kenako chitsulo chikugwa, kenako mayi Barraza akuyimba hutala ya galimoto mosalekeza. Marisela anakhoza, ndipo osati mokwawa. Posakhalitsa a unamwino anamuitana.

Loweruka lake panali phwando pabwalo la shopu, nyama ikuwotchedwa, oyimba a magitala alipo, msewu wonse wabwera. Dokotala Lindqvist nawonso anafika, atanyamula maapozi.

Ine ndinatulutsa mpando wanga panja.

A Rogelio anayesa kuzemba. "Anthuni, zija zinali zocheza."

"Ife tinalipo!" anakuwa kasitomala wa khutu uja. "Khalani pansi, a mneneri!"

Anakhala. Ndinanola lumo pang'onopang'ono, chifukwa mwayi wotere subwera kawiri pa moyo wa wometa. Nditakweza dzanja, Marisela anandigwira.

"Asiyeni, a Lalo. Ndawakhululukira."

"Iyayi," anatero a Rogelio, maso ali kumwamba. "Ndinalankhula anthu akumva. Meta, Lalo. Mlongo wanga akanakhala moyo akanameta yekha, ndi mpeni wa buledi."

Ndinameta. Panatuluka mlomo wotuwa umene sunaonepo dzuwa chiyambire unyamata wawo. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Bamboyo anaimirira, n'kukumbatira mwana wa mlongo wawo nthawi yaitali. Atamusiya anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa anthu.

"Ine ndinadziwiratu kuti mwana ameneyu adzakhoza."

Ine ndinangoti "Eya."

Tsono iwe amene wagwa pa mayeso oyamba, amene wayamba kale kulongedza: mapepala aja anakupatsa tsiku loyamba ali kuti? Kawatulutse pansi pa mpando. Werenga mpaka tsamba lomaliza, ndipo Lachiwiri ukagogode. Mwina chimene chikukuliza eni ake anataya kale. Malikisi oipa amatayidwa, koma iwe osataya mtima.