Botolo la ku Joni

Kukoleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka. Ndinabwerera kwathu ku Malemia ndi sutikesi yoduka zipi ndi luso lowerenga timalemba ting'onoting'ono ta pamabotolo. Lusoli sindinalionepo phindu lake, ngakhale chaka chimene amayi anawapeza ndi BP.

Mapiritsi oyamba anatumiza ndi achemwali anga a ku Joni, m'botolo lofiirira la chitsekerero chofuna kudina kaye usanapotokole. Amayi ankaliika pakabati, pambali pa Baibulo. Mapiritsiwo atatha tinapita kuchipatala, komwe anatipatsa mapiritsi oyera ngati omwe aja, koma m'kapulasitiki kojambulidwa dzuwa ndi mwezi, kangati komangira mchere pamsika.

"Awa ndiye ati?" anafunsa amayi tikubwerera.

"Ndi omwe aja, amayi. Mankhwala ake ndi amodzi, mlingo ndi womwewo. Chasiyana ndi kampani ndi chovala basi."

Kunyumba ndinawaonetsa pabotolo ndi pakapulasitiki, chilembo ndi chilembo, ndi ulemu wonse wa mphunzitsi amene ndikanakhala.

"Iwe wothawa sukulu undiphunzitse mankhwala ine? Aulere anachizapo ndani?"

Patatha milungu itatu mutu unayamba kuwasautsa, maso kuchita chidima, ndipo tsiku lina anagwa m'dimba pakati pa mpiru. Ndinathamangira kukaona kapulasitiki kaja. Munalibe kanthu. Mtima unakhala pansi, mpaka nditaona mbale ya madzi a nkhuku ili mbuu. Amayi ankaphwanya mapiritsi aja ndi supuni n'kumwetsa nkhuku, ati kuteteza chitopa. N'chifukwa chake tambala wathu ankayenda modekha ngati mkulu wa mpingo. M'mudzi monse munalibe wa magazi oyenda bwino kumuposa, pamene mwini wake anatsala pang'ono kufa ziwalo.

Ndinabwerera kuchipatala, namwino anandikalipira m'malo mwa nkhuku, n'kundipatsa ena. Ndinakhuthulira onse m'botolo lija, n'kuuza amayi kuti achemwali atumiza ena kudzera kwa woyendetsa thiraki, ine ndangothiramo. Anamwa tsiku lomwelo, atayamba apemphera.

Mwezi wotsatira namwino anawayeza, nati zatsika bwino.

"Zilekerenji kutsika, mwanawe? Ine ndimamwa a ku Joni. Anu aja ndi a nkhuku."

Namwino anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chithunzi cha udzudzu chimene chinali pakhoma, ndipo ndinachiwerenga mpaka pansi.

Mpaka lero mwezi uliwonse ndimakatenga kapulasitiki, ndimabisala kuseri kwa bafa ngati wakuba, n'kudzaza botolo limene pepala lake linafufutika kalekale. Amayi ali bwino, akulima. Nkhuku zinatha ndi chitopa, ndipo iwo amati ndi umboni wakuti aulere sagwira ntchito. Nthawi zina amandigwedezera botolo lija pakhutu.

"Ukumva kulira kwake? Ukanamaliza sukulu ukanadziwa kusiyana."