Tsiku Limene Ndinaveka Nzimbe Wotchi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamzere wa madzi. Ndinali nditamaliza Folomu 4, ndipo kwa zaka ziwiri ndinkangokhala pakhomo ku Sunningdale, kutsuka mbale ndi kumvera mayi anga akufunsa ngati satifiketi yangayo tiziiphika. M'mawa wina tili pa mjigo, mayi amene anali kutsogolo kwanga ankalimbana ndi wotchi yapamkono, ya mtundu uja wolumikizana ndi foni, imene inkakana kugwira. Ndinapempha kuti ndione. Ndinazimitsa zonse ziwiri n'kuziyatsanso, basi zinagwirizana. Mayiyo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Lolemba ubwere ku Mbare. Uvale zooneka." Anali Mai Tino, mwini tebulo la mawotchi ndi machaja pamsika.

Ndinkaganiza kuti kugulitsa ndi kukhala pampando n'kumamwetulira, koma ndinadzinamiza. Ntchito inkayamba ndi mswachi wakale ndi kabotolo ka sipiriti. Kumbuyo kwa wotchi iliyonse kuli timadontho tiwiri tachitsulo pomwe pamamatira chaja ya maginito, ndipo thukuta la anthu oyesa likaumirapo, wotchiyo simwa moto. Ndiye ndinkatsuka timadonthoto, kupukuta galasi, kenako kuziyala zonse pa machaja. Magetsi ankazima tisanadzuke n'komwe, choncho tinkadalira mapawabanki awiri ndi kasola kamene tinkakayanika padenga la malata. Lamulo loyamba la Mai Tino linali lakuti wotchi yozima sigulika. Zonse zoonetsa zinkayenera kuwala kwambiri kuti ziitane munthu ali patali, ndipo kuwala kumeneko n'kumene kunkamaliza batire dzuwa lisanapendeke.

Pa bokosi ankalemba kuti batire imakhala masiku asanu ndi awiri. Ine amene ndinkazitchaja ndinkadziwa kuti ikayesetsa ndi tsiku limodzi ndi theka. Nditafunsa kuti ndiziwauza chiyani makasitomala, Mai Tino anandipatsa lamulo lachiwiri. "Usamaname, mwanangu. Uzingowerenga zimene zalembedwa pa bokosi." Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino, ndipo ndinaigwiritsitsa.

Kunena zoona, ambiri za batire sankazilabadira. Anthu amagula wotchi ndi maso. Atsikana ankafuna zagolide wofiirira zokhala ndi lamba wa waya wolukana. Anyamata ankafuna zazikulu, zakuda, zodzaza mkono wonse. Amayi a kutchalitchi ankabwera ndi nsalu ya yunifolomu m'chikwama kuti tipeze lamba wofanana nayo, ndipo ndinaphunzira kusintha malamba ndi kachitsulo kamphanda kokanikizira pini, mwachangu moti pini sinkandithawanso n'kugwera m'fumbi. Kondakitala wina wa kombi, minibasi ya kuno, anavala yake yozima mwezi wathunthu. Nditamuseka, anati, "Nthawi ndimaona pafoni, sisi. Iyi ndi ya ulemu."

Bambo Mbewe anabwera m'mwezi wanga wachitatu. Anali mkulu wa imvi, wovala jekete yotsukidwa bwino ngakhale yothethuka m'zigongono. Ankalankhula Chishona ndi Mai Tino, koma lilime lawo ndinalizindikira, chifukwa linali ngati la malemu agogo anga aamuna. Ndinawapatsa moni m'Chichewa. Anaima kaye, n'kuvula chipewa.

"Iwe mwanawe, kwanu n'kuti?"

"Ndinabadwira konkuno, bambo, koma agogo anachokera ku Dedza. Ndife a Banda."

"Ndiye ndiwe Nabanda! Basi, ndafika pakhomo. Undisankhire ndiwe."

Anandiuza kuti amakhala ku Hopley, kumalire a mzinda, anapuma ntchito yosamalira maluwa m'mayadi, ndipo mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Joni anawatumizira ndalama kuti agule wotchi yoyeza BP, chifukwa ankadwala matenda a kuthamanga kwa magazi. Ndinawasankhira yozungulira, yakuda, ya lamba wachikopa, yoyenera munthu wamkulu. Ndinaiika apu yake mufoni yawo, ndinachepetsa kuwala kuti batire ichedweko kutha, ndipo ndinawaonetsa pokanikiza. Kumbuyo kwa wotchi kunaphethira kanyali kobiriwira, manambala n'kutuluka.

"Ikuyezadi, Nabanda?"

Ndinatembenuza bokosi n'kuwawerengera, ndikumasulira m'Chichewa chathu chokoma: imayeza kugunda kwa mtima, imayeza BP, imawerenga masitepe. Anachoka akuyenda mkono uli patsogolo, kuti aliyense aione.

Patapita milungu ingapo, tsiku lina msika utazizira, ndinaona wotchi ya mtundu womwewo ili pansalu, kanyali kake kakuphethira, ikuonetsa manambala popanda woivala. Ndinadabwa. Pafupi nafe pankakhala mayi wogulitsa nzimbe, ndiye ndinabwereka chidutswa chonenepa ngati mkono wa munthu n'kuchiveka wotchiyo. Inaganiza pang'ono, kenako inalengeza kuti nzimbeyo mtima wake ukugunda bwino ndipo BP yake ndi yabwinobwino. Tinaseka ndi mayi wa nzimbe mpaka misozi. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma a Mbewe sindinawakumbukire ngakhale pang'ono. Ndinangoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, n'kubwezera wotchiyo m'kabati ya galasi yoonetseramo katundu.

Tsiku lovutalo linali Loweruka lakumapeto kwa mwezi, anthu atazungulira tebulo moti Mai Tino ankatumikira atatu nthawi imodzi. A Mbewe anatulukira cha m'ma leveni. Anabwera kudzadandaula za batire, chifukwa ku Hopley ankatchajitsa kwa mnansi wa sola ndipo mnansiyo anali atayamba kung'ung'udza. Ndinawavula wotchiyo, ndipo ndikutsuka timadontho tija ndi mswachi, ndinawayang'ana bwinobwino. Maso anali ofiira, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo, ndipo dzanja limodzi linali pankhongo.

"Bambo, muli bwino koma?"

"Mutu chabe. Wakhala ukundigogoda sabata ino."

"Kuchipatala anena chiyani?"

Anaseka. "Kuchipatala ndinasiya, Nabanda. Kudzuka m'bandakucha, kukwera makombi awiri, kukaima pamzere tsiku lonse kuti andiyeze chinthu chimene ndili nacho pamkono? Wotchi imati ndili bwino m'mawa ndi madzulo. Mapiritsi atatha sindinakatengenso. Ino ndi sabata yachisanu."

Mswachi unandigwa m'manja. Ndinadziwa kuti munthu uyu akhoza kugwa pomwepo, ndipo amene ndinamukankha ndine. Ndinawerama n'kuwanong'oneza m'Chichewa kuti makasitomala ena asamve.

"Bambo, wotchi iyi siyeza BP. Manambalawo imangopeka."

Nkhope yawo inasintha. "Si iwe unandiwerengera? Ndi pakamwa pako pomwepa?"

"Ndine, bambo. Ndinalakwitsa."

"Ayi. Mwana wanga sangandigulire chinthu chabodza. Mukufuna mundigulitse ina yodula, ndakudziwani." Anatambasula mkono kuti ndiwaveke azipita.

Ndinayang'ana Mai Tino, amene ankaveka mtsikana wina wotchi yagolide. Ndinayang'ana anthu onse aja. Ndinadziwa kuti ndikachita chimene chinali m'mutu mwanga, malonda a tsikulo atha, mwina ndi ntchito yomwe. Koma mawu anali atakanika, ndipo mkuluyo akanachoka ndi mutu wake wogogodawo kubwerera ku Hopley. Ndinadumpha kupita kwa mayi wa nzimbe, n'kusolola chidutswa, n'kuchiika patebulo pamaso pa a Mbewe. Ndinachiveka wotchi yawo, kumanga lamba wachikopa uja bwinobwino, n'kukanikiza. Kanyali kanaphethira. Manambala anatuluka.

"Werengani, bambo."

Anawerama, akuyang'anitsitsa. Anali manambala omwe aja ankawaona m'mawa uliwonse.

Mnyamata wina amene ankasuzumira anakuwa m'Chishona kuti bwerani mudzaone nzimbe ya mtima, ndipo msika wonse unaphulika ndi phwete. Mtsikana uja anavula wotchi yagolide n'kuiika pansi mwakachetechete. Ena awiri anachitanso chimodzimodzi. Mai Tino anandigwira pamkono zala zake mpaka kulowa m'mnofu. "Nhai iwe, wapenga? Ukundiphera tebulo ine ndili pompano?"

Koma ine maso anga anali pa a Mbewe. Iwo sanaseke. Anakhala pansi pa kreti ya zakumwa, chipewa chili pamaondo, akuyang'ana nzimbe ija. Kuseka kwa anthu kunkawagwera iwo, ngati kuti opusa ndi iwo, pomwe anangokhulupirira mwana wa kwawo. Mpaka lero chimenechi chimandiwawa kuposa zala za Mai Tino.

Ndinavula epuloni n'kuwagwira dzanja. Kuseri kwa msika kunali sitolo ya mankhwala kumene namwino ankayeza BP ndi makina enieni, aja omanga pamkono n'kupopa mpweya. Anawayeza kamodzi. Anawauza kuti apume pang'ono, n'kuwayezanso mkono winawo. Kenako anandifunsa ngati ndine mwana wawo. Ndisanayankhe, anati, "Asayende wapansi. Pezani galimoto, apite kuchipatala pompano." Tinapita. Anawagoneka pabedi n'kuyamba kuwapatsa mankhwala, ndipo ndinaimbira mwana wawo ku Joni pafoni yawo. Ndinamuuza zonse, ndi za bokosi zomwe. Sananditukwane, anangolira, ndipo ndikanakonda akanditukwana.

Lolemba ndinapita ku Mbare nditakonzeka kukatenga kapu yanga ya tiyi n'kubwerera kukatsuka mbale. Ndinapeza Mai Tino atafika kale, mabokosi onse atatsegulidwa, chidutswa cha nzimbe chili patebulo. Ankaveka wotchi imodziimodzi, kukanikiza, kudikira, n'kuika ina kumanja, ina kumanzere. Zochepa zodulirapo zinkakana, n'kulemba kuti valani pamkono. Zambiri zinkaipeza nzimbeyo ili ndi thanzi labwino. Sanandiyang'ane.

"Amayi anga kumudzi ali ndi yomweyi," anatero. "Ndinawagulira ndine, pa Khirisimasi. Dzulo ndawaimbira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu n'kundiponyera mswachi. "Waimiranji? Tsuka machaja. Koma tsiku lina ukadzafuna kundichititsa manyazi, udzayambe wandiuza."

Kwa miyezi ingapo anthu ankatitcha a tebulo la nzimbe, ndipo malonda anatsika ndithu. Kenako anayamba kubwerera, ena akubwera ndi mawotchi ogula kwina kuti tiwayesere. Ndinakhala ndi Mai Tino zaka zitatu, ndipo panopa ndili ndi tebulo langa. Katundu watsopano akafika, ndimayamba ndagula nzimbe. Za batire ndimanena zimene ndaona ndi maso anga, tsiku limodzi ndi theka, ndipo munthu akafuna yokongola yopita nayo ku ukwati ndimamusankhira ndi mtima wonse, chifukwa kutchena si tchimo. Koma ndisanatsegule galasi ndimafunsa kuti wotchiyo akuifunira chiyani, ndipo akangotchula matenda ndimamulozera kwa namwino. Bokosi sindiwerengeranso munthu, chifukwa ndinaphunzira kuti mawu a pa bokosi akadutsa pakamwa panga amakhala anga.

A Mbewe anabweranso patatha mwezi ndi theka kuchokera pamene anagonekedwa m'chipatala. Ndinawaonera patali, jekete yomwe ija, ndipo ndinafuna kubisala pansi pa tebulo. Anali ataonda pang'ono koma maso anali oyera. Anatulutsa kabuku ka kuchipatala m'thumba n'kundionetsa pamene namwino ankalemba sabata iliyonse. Kenako ndinaona kuti wotchi ija idakali pamkono, lamba atamupaka polishi, galasi lili bii.

"Bambo, mukuivalabe? Bweretsani ndikutchajireni."

Anabweza mkono. "Ayi, Nabanda, isiye choncho. Ikayaka imanama. Ikakhala yozima imanena chinthu chimodzi chokha, ndipo n'choona."

"Chiyani, bambo?"

"Kuti ndili ndi mwana ku Joni amene safuna kuti ndife."

Anavala chipewa, n'kugula nzimbe ziwiri kwa mayi uja, imodzi n'kundisiyira patebulo.