Phanga lopakidwa laimu ku Chiparamba

Mlongo wanga Tamala ntchito yake ndi yofukula zakale. Wakumba ku Kenya, ku Peru ndi kwina kumene sinditha kutchula, kufuna kudziwa mmene anthu akale ankakhalira. Sabata yathayi anafika ku Chipata ndi anzake a ntchito kudzaona phanga lina ku Chiparamba, kwa azakhali athu. Tili ana tinkabisalamo mvula. Pakhoma pake panali zithunzi zofiira ndi zoyera zimene palibe akudziwa amene anazijambula, pansi pali mapale mbwee.

Ine ndinangowaperekeza, poti galimoto inali yanga.

Azakhali, mphunzitsi wopuma pantchito, anali atauzidwiratu pa foni. Anatitsogolera okha kukwera phiri, akumwetulira ngati munthu wobisa mphatso. Titafika tinapeza pansi pali psiti, mizere ya tsache ikuoneka. Khoma lonse linali mbuu, laimu wake wogula kumsika wa Kapata.

"Azakhali, mapale aja ali kuti?" anafunsa Tamala.

"Zinyalala zija? Tinataya kuchigwembe, ine ndi amayi anzanga a mpingo. Mwana wa achimwene abwere ndi alendo, apeze malo ngati khola? Manyazi akanakhala a ndani?"

Tamala anagwira khomalo, nayang'ana chikhatho chake nthawi yaitali. Kenako anati, "Zikomo, azakhali, mwagwira ntchito." Tinatsika, n'kukadya nkhuku imene anatiphera.

Pobwerera anandifotokozera. Phale limanena mbiri likakhala pomwe linagwera, pafupi ndi phulusa ndi mafupa ake. Ukalisuntha latsala chabe chidutswa cha mphika. Laimu akatswiri angayese kumuchotsa, koma akhoza kuchokera limodzi ndi zithunzizo. Anati kumayiko ena amalimbana ndi akuba ndiponso makina okumba misewu. Sanaganizepo kuti kwawo adzagonjetsedwa ndi ulemu.

Owerenga, azakhali sindikuwazenga mlandu. Anachita zimene tonse timachita. Bwana akati abwera kusukulu, timapaka laimu miyala ndi makungwa a mitengo. Apongozi akati afika, mpando wakale wa atate umalowa kuchipinda, pabwalo n'kuikapo wapulasitiki. Nyumba ya njerwa zosaotcha imene makolo anamanga timaijambula kumbali, isaoneke pachithunzi cha ukwati.

Tinaphunzira kuti chakale ndi litsiro, ndipo tinakhoza bwino phunzirolo. Azakhali analiphunzitsanso kwa ana ambiri, ndi mtima woyera.

Chondipweteka n'chakuti zithunzi zija zinapirira mvula, utsi ndi mbuzi kwa mibadwo yosawerengeka, chifukwa palibe ankazisamala. Zatha tsiku limene tinamva kuti wina akubwera kudzaziona.

Tamala wabwerera osawauza azakhali, ndipo akuti sadzawauza. Iwo mpaka lero akufunsa ngati alendo anakondwa.

Nanga kwanuko, mukamva kuti mlendo afika mawa, choyamba kubisa chimakhala chiyani?